Chala Pakamwa

Ku Joni ndinaphunzirako zambiri. Kutchetcha kapinga ndi makina, kusamala dziwe losambiramo kuti madzi asabiriwire, kudulira maluwa aminga osadzibaya. Koma luso limene ndinabwera nalo lenileni ndi lokhala chete. Musaseke, kukhala chete ndi ntchito, ndipo ineyo ndinali katswiri wake.

Tsiku lonyamuka, mkazi wanga Nambewe anandiperekeza kudepoti m'tauni, mwana wathu woyamba Yamikani ali kumbuyo. Nambewe amagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka, ndiye anandisankhira jekete lokhuthala m'belo lake, lothothoka m'khosi, n'kunena kuti ndisalivule kufikira nditabwerako. Sanalire. Anangondiuza kuti ndikakapeza mkazi wa kumeneko ndikamuuziretu kuti jeketelo ndi lobwereka. Basi inadutsa pa Dedza, tinapsa ndi dzuwa la ku Tete, tinagona chokhala m'Zimbabwe, mpaka tinawolokera ku Joni. Masiku amene anandidindira m'pasipoti atatha, ndinangokhala, monga ankachitira anzanga onse.

Amene anandilandira anali Che Jafali, bambo wa ku Mangochi, wamfupi, wandevu zambuzi. Ankagwira ntchito ya m'maluwa kwa mayi wina wachizungu, wokalamba, wokhala yekha ndi agalu ake. Mayiyo anawapatsa kachipinda kuseri kwa galaja, ndipo lamulo linali limodzi: mogona munthu mmodzi. Ife tinkagonamo anayi.

Ndiye tinali ndi malamulo athu. Polowa, mmodzimmodzi, nsapato kumanja. Anyezi sitinkakazinga, chifukwa mafuta akamati tswaa amamveka kutali, fungo lakenso limaulula kuti mphikawo si wa munthu mmodzi. Mbale ndi masupuni zinali zapulasitiki. Chimbudzi tinkagujumula kamodzi kokha, tonse titamaliza. Bawo tinkasewera pa mathireyi a mazira, ndi nyemba m'malo mwa nkhomo, kuti pasamveke gobede. Munthu akaiwala n'kukweza mawu, Che Jafali sankakalipa ayi. Ankangoika chala pakamwa, maso akuloza kunyumba yaikulu.

Musaganize kuti tinali anthu achisoni. Tinkaseka kwambiri m'kachipinda kaja. Che Jafali akakudya pabawo ankaseka ndi mapewa okha, misozi n'kumatsika m'ndevu, mawu osatuluka ngakhale pang'ono, ndipo iwe ukawaona choncho unkagwa nako kuseka mpaka nthiti kuwawa. Amene wasowa ganyu sabata imeneyo ankadya nawo osafunsidwa kanthu. Lamlungu tinkapita kupaki kuti tikayankhule momasuka, koma tinkapezeka kuti tikunong'onezanabe, pabwalo ponse pali pululu.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndikanatha kudzera kwa anyamata a magalimoto onyamula katundu: bedi, mabulangete, kenako firiji. Ndinabwera kamodzi pa Khirisimasi, ndipo ulendo umenewo ndi umene unatipatsa Takondwa. Mwana ameneyu ndinamudziwira pafoni. Nambewe ankandijambulira mawu ake, ine n'kumamvera pamsewu ndikuchokera kuganyu, foni nditaikanikiza kukhutu. Anayamba kuyankhula asanayambe kuyenda bwino. Ku Mchesi, kumene Nambewe ankakhala paploti ya amayi ake, anamupatsa dzina loti Wailesi.

Zinthu zinaonongeka nyengo yozizira. Ndinadwala chifuwa ndipo tsiku lina ndinalephera kudzuka, ndinatsala m'chipinda masana, chinthu chimene sitinkachita. Che Jafali anali panja ndi madamu awo, akuonetsana pobzala maluwa, pafupi ndi galaja pomwepo. Ndinalimbana nacho chifuwacho, ndinaluma pilo, ndinadzitsina, koma chinatuluka. Madamu aja anayang'ana Che Jafali, amene anali chilili pamaso pawo osatsokomola, kenako anayang'ana chitseko.

Dzuwa lisanalowe katundu wathu anali pamsewu. Che Jafali anagwira pakhomo paja zaka zambiri, agalu aja anawalera okha, koma anachoka tsiku lomwelo ndi chikwama chimodzi ndi mkeka wawo wopempherera. Sanandinene ngakhale kamodzi. Ankangoti chifuwa si mlandu, ndipo ndi iwo amene anandinyamulira chikwama changa, nandipezera pogona kwa anthu a kumzikiti kwawo mpaka ndinachira. Pambuyo pake anapita kumunda wa mphesa kutali, ine ndinavutika nawo maganyu kwa kanthawi, kenako ndinatopa ndi kuthawa yunifolomu iliyonse. Ndinakwera basi yobwerera.

Kunyumba ndinapeza anthu ena. Nambewe anali ndi benchi yakeyake ku Tsoka, ndi mawu a mumsika, oti akaitana kasitomala amatembenuka ndi wa tsidya la mtsinje. Yamikani anali mnyamata wa sukulu, anandigwadira n'kundipatsa moni ngati mlendo wa agogo ake. Takondwa, wa zaka zitatu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kufunsa amayi ake ngati awa agonanso konkuno. Dzina langa linakhala lomwelo kwa masabata angapo: awa.

Paploti ya apongozi sipanali pokhala ine. Kachipinda kamodzi, anthu anayi, firiji ija itaima pakona ngati kabati yosungiramo mbale poti magetsi kunalibe. Ndiyeno phokoso. Mawailesi, ana, ogulitsa makala, akazi kukangana pampopi. Munthu akagogoda pachitseko ndinkadzidzimuka mpaka Nambewe ankandifunsa kuti kodi ndinapha munthu ku Joniko. Ndinkafuna malo anga, oti nditseke chitseko n'kuwadziwa ana anga bwinobwino.

Mkulu wina wa kutchalitchi ndiye anandiuza za ntchito ya m'maluwa ku Area 43, yokhala ndi nyumba kuseri. Eni ake anali a Msiska, anthu a ku Rumphi. Abambowo ankangokhalira maulendo a ntchito, amayiwo anali atapuma ntchito ya boma, ana awo onse ali kunja. Mayi Msiska anali aatali, a magalasi, osaseka wamba. Anandiyendetsa m'munda monse, anandifunsa za feteleza ndi za chiswe, kenako anafunsa ngati ndili ndi banja. Ndinati mkazi ndi ana awiri aang'ono. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kuti, “Chabwino.” Basi. Ine m'chabwino ameneyo ndinamvamo chenjezo.

Tinasamuka Loweruka pa kalole ka mlamu wanga. Zipinda ziwiri, khonde laling'ono, mpopi pakhomo, mtengo wa mapeyala pambali. Tsiku limenelo sindidzaliiwala. Firiji titailumikiza n'kuyamba kung'ung'uza, ana onse awiri anaika makutu pachitseko chake, Takondwa n'kulengeza kuti m'katimo muli njuchi. Yamikani anayatsa ndi kuzimitsa getsi mpaka amayi ake anamuopseza ndi chipande. Chimbudzi chamadzi Takondwa anachiopa poyamba, koma atazolowera ankafuna kugujumula yekha, n'kumatsanzika madziwo kuti ayende bwino. Madzulo ake ndinawasambitsa ndekha pampopi, onse awiri, sopo m'maso, kukuwa, kuthamanga ali mbulanda. Nambewe anakhala pakhonde atatambasula miyendo akutiseka. Ndinati mumtima, zimene ndinapitira ku Joni zija ndi izi.

Ku Area 43 eni nyumba amayenda pagalimoto, enafe ndi miyendo. M'mawa uliwonse Nambewe ankatuluka ndi chikwama chake pamutu, akupishana ndi chinamtindi cha antchito olowa, kukakwera kabaza mpaka pamsewu wa maminibasi. Yamikani ankapita naye limodzi n'kutsalira kusukulu. Ine ndinkatsala ndi Wailesi.

Ndi mwana ameneyu amene anandiphunzitsa kukhala bambo. Phala ndikaphika ankalawa n'kundiuza kuti amayi sachita choncho. Tsitsi ndikamumanga ankapita kukadziyang'ana pagalasi la galimoto ya bwana n'kubwera atakwinya nkhope. Ndinamubowolera kachitini, ndiye ine ndikamathirira ndi paipi iye ankanditsata pambuyo kuthirira nsapato zanga. Pakamwa osapuma. Ankafuna kudziwa chifukwa chake nyongolotsi zilibe maso, ngati galu wa madamu ali ndi amayi ake, ngati ku Joni kuli usiku. Nkhono iliyonse ankaipatsa moni. Tsiku lina ndikukumba bedi la kabichi ndinangomva, “Adadi, taonani chule.” Ndinaima ndi khasu m'manja, sindinayang'ane n'komwe chuleyo. Ndinamuuza kuti anenenso, iye n'kundiyang'ana ngati ndapenga.

Ndiye m'mawa wina ankaimba nyimbo ya ku Sande sukulu, mawu onse, ataima pansi penipeni pa zenera la kuchipinda kwa madamu. Ndinaona katani ikugwedezeka. M'maganizo ndinaona bedi lathu, firiji, mapoto a Nambewe, zonse zili pamsewu kunja kwa geti, agalu akununkhiza. Ndinathamanga, ndinagwada patsogolo pake, n'kuika chala pakamwa, maso akuloza kunyumba yaikulu.

Sindinamukalipire ayi. Ine mwana sindimenya, ngakhale Nambewe akhoza kuchitira umboni. Ndinachita kukhala masewera. Ndinamuuza kuti tikakhala mbali ya abwana ndife amphaka, timayenda monyang'ama, timayankhula ndi maso. Anakondwa nawo masewerawo. Ankayenda ndi zala za kumapazi pambuyo panga, akaponda tsamba louma n'kudziikira yekha chala pakamwa. Ndinanyada, ndinati mwana wanga ndi wochenjera, wagwira msanga kuposa akuluakulu ena amene ndinakhala nawo ku Joni.

Kenako ndinaona kuti mpanda wa maluwa wolekanitsa nyumba yathu ndi yaikulu sutchinga mawu. Ndiye umphaka uja unafika mpaka pakhonde pathu, n'kulowa m'nyumba. Mpira wa Yamikani ndinati azikasewerera kusukulu. Galimoto yake ya mawaya ndinaichotsa zitsekerero za mabotolo zimene zinkachita phokoso. Mbale zachitsulo ndinaziika pansi pa bedi n'kugula zapulasitiki. Kusamba kwa pampopi kuja kunatha, ndinkawasambitsa m'bafa chitseko chotseka. Ana akayamba kulimbirana kanthu ndinkangokweza chala, nkhani n'kuthera pomwepo. Kunena zoona ndinkaona ngati ndakonza banja.

Nambewe ndiye sanagwirizane nazo. Ankabwera madzulo atatopa, akufuna kusimba za kasitomala amene anayesa masiketi onse osagula, ine n'kumamuuza kuti atsitseko. Tsiku lina anandifunsa kuti kodi tasamukira kumanda, nanga mwini malirowo ndani kuti akapepese. Ndinamuyankha kuti iyeyo sanaonepo katundu wake ali pamsewu, ine ndinaona. Anati madamuwo anenapo kanthu? Ndinati anthu otere sanena, umangoona tsiku lakwana. Tinkakangana monong'ona, zimene zinkamupsetsa mtima koposa.

Yamikani zinkamuyendera, poti phokoso lake ankalisiya kusukulu. Koma Takondwa ankakhala nane tsiku lonse. Anayamba ndi kunong'ona. Kenako ankangondikoka ovolosi n'kuloza. Nkhono ankazipeza n'kungoziyang'ana. Mafunso aja anatha, ndipo ine sindinazindikire tsiku limene anathera, chifukwa ntchito inkayenda bwino ndipo katani ija sinagwedezekenso. Apongozi atabwera kudzationa anamunyamula, anamuyang'ana m'maso ndi m'kamwa, anamufunsa za anzake a ku Mchesi mmodzimmodzi. Mwana anangogwedeza mutu. Apongozi anatsanzika msanga, ndipo pageti anauza Nambewe kuti apite naye mwanayo kuchipatala, kapena kwina kumene akudziwa.

Nambewe sanapite naye kulikonse. Lamlungu lotsatira tikuchokera kutchalitchi, ana ali patsogolo, anaima pakati pa msewu, pamene panalibe mpanda woti ndiuope, n'kuyankhula ndi mawu ake a ku Tsoka.

“Bambo a Yamikani, mwana uyu sakudwala. Mwamutseka pakamwa ndi inu. Mwezi uno ukatha ndikuwatenga onse awiri, tikubwerera kwa amayi. Inu mutsale ndi mpopi wanuwo.”

Ndinamuuza kuti ndinavutika zaka zonse zija kuti tigone denga limodzi. Anati ndi zoona, ndipo amandithokoza, koma iye anabereka mwana woyankhula. Ndinakwiya kwambiri tsiku limenelo. Ndinkaona kuti ndagwidwa pakati: ana akasokosa tichotsedwa, akapanda kusokosa andichokera. Njira zonse ziwiri zinkathera kumodzi, ine ndekha m'chipinda ngati kale. Ndipo Nambewe ndimamudziwa, akanena chinthu sabwereza.

Sabata imeneyo ndinayesa. Tikakhala m'nyumba ndinkamufunsa Takondwa kuti chule uja anapita kuti, kapena kuti andiimbire nyimbo ija pang'onopang'ono. Ankandiyang'ana, n'kuyang'ana kuzenera, n'kumwetulira ngati wandigwira msampha. Ankaganiza kuti ndikumuyesa, ndipo sankafuna kuluza masewera.

Lachinayi lake kunatentha kuyambira m'mawa, dzuwa lija la mvula isanagwe. Mayi Msiska anandiuza kuti masana kubwera amayi a kumpingo kwawo, ndisese bwino kutsogolo ndi kutulutsa mipando pakhonde. Anabwera ambiri ndithu, mabulauzi oyera, magalimoto kudzaza pabwalo. Ndisanayambe kudulira mpanda ndinamukhazika Takondwa pansi pa mtengo wa mapeyala ndi kachitini kake, n'kumuuza kuti lero ndiye lero, kuli alendo a abwana, amphaka asamveke ngakhale pang'ono. Anagwedeza mutu mwamphamvu.

Ndinadulira mbali yonse ya kumsewu. Amayi aja anaimba, anapemphera m'Chitumbuka, kenako ndinamva makapu a tiyi. Nditabwerera kuseri kuti ndimwe madzi, pansi pa mtengo panali kachitini kokha. Ndinayang'ana m'nyumba, m'bafa, kudimba la masamba. Kuitana sindinaitane, ndinkangoyenda mofulumira ndikusuzumira paliponse.

Ndinamupeza kuseri kwa thanki ya madzi, pamene ndinaunjika mapoto akale a maluwa. Anali atakhala pansi, miyendo atatambasula. Poto wina anali wogubuduzika, ndipo mavu anali akuzungulirabe pamwamba pake. Anamuluma pachikope, m'khosi, ndi m'manja monse. Diso limodzi linali litatsekeka kale. Kukamwa kunali yasa, misozi ndi mamina zikutsikira pa diresi, chifuwa chikukwera ndi kutsika, thupi lonse likunjenjemera. Koma mawu ayi. Sindikudziwa kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Atandiona anakweza kadzanja kotupa kaja n'kuika chala pakamwa.

Ndaonapo zinthu ine m'moyo uno, koma chotere ndinali ndisanachionepo. Ndinamunyamula, mavu ena anandiluma m'khutu sindinamve n'komwe. Ndinamuuza kuti lira mwanangu, lira, palibe kanthu. Anabweretsa pakamwa pake kukhutu kwanga.

“Abwana amva,” ananong'ona.

Sindinaganize zambiri. Ndinadziwa kuti m'nyumba yaikulu muli madzi oundana ndi mankhwala, ndipo ndinadziwa kuti ntchito yatha, ithe. Ndinadutsa pampanda, ndinaponda maluwa amene ndinabzala ndekha, n'kukwera pakhonde la kutsogolo ndi majombo amatope, pakati pa amayi a mabulauzi oyera. Onse anasiya makapu. Ndinati madamu, mwana walumidwa ndi mavu, thandizeni. Mawu anga anatuluka osasa, ngati a munthu wongodzuka kumene.

Mayi Msiska anaimirira msanga, anatuma wantchito wa m'nyumba kuti abweretse madzi oundana ndi kabokosi ka mankhwala, n'kumugoneka mwana pamiyendo pawo. Mmodzi mwa alendowo anali namwino, anamuyang'ana m'kamwa ndi kumvetsera kapumidwe, n'kunena kuti kukhosi kuli bwino. Ankamupaka mankhwala, ankamukanikiza ndi madzi oundana pachikope, mwana akupindika ndi ululu, koma diso lotsala lija lili pa ine, milomo ataluma. Namwino uja anayang'ana Mayi Msiska, iwo anagwedeza mutu mwachisoni. Ine ndinagwada pambali ndikumuchonderera kuti alire, kuti masewera atha, kuti amphaka kulibenso. Sanandikhulupirire. Ndinali nditamuphunzitsa bwino kwambiri.

Ndiye ndinachita chinthu chimene mpaka lero amayi a mpingo umenewo amandidziwa nacho. Ndinakhala pansi pasimenti, ndinagwira khutu langa lolumidwa lija, ndinatsegula kukamwa n'kukuwa.

“Mayo ine! Mavu andiluma ine! Mayooo!”

Ndinayamba mwadala, kuti aone kuti n'zololedwa. Koma mawu atangotuluka anakana kubwerera. Anasanduka liwu lina limene sindinkalidziwa, lochokera pansi pa mimba, ndipo misozi inabwera yeniyeni. Bambo wamkulu, wa ovolosi, kulira chokweza pakhonde la bwana dzuwa likuswa mtengo. Agalu anayamba kuuwa. Mlonda wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda.

Takondwa anandiyang'ana, anayang'ana madamu, anadikira kuti aone chimene chindichitikire. Palibe chinachitika. Anakoka mpweya wautali, n'kuliyamba. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu, ndikukhulupirira. Analira mavu, analira diso, anaitana amayi ake, agogo ake, anatukwana poto uja kuti ndi wopusa. Ndinamutenga m'manja mwa madamu n'kumukumbatira, tonse awiri tikulira, ndipo sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo.

Nditakweza maso ndinaona amayi ena atakweza manja kumwamba, wina wachikulire akupukuta misozi ndi mpango. Ndinayamba kupepesa, ndinati tichoka mwamtendere, angotipatsa masiku ochepa. Mayi Msiska anavula magalasi.

“Mukuti chiyani, bambo a Yamikani? Mwana uyu amayankhula?”

Ndinati amayankhula, madamu, kuposa wailesi.

Kenako anandiuza, pamaso pa anzawo onse, kuti masiku oyamba ankamumva akuimba ndipo ankasiya zochita kuti amvetsere. Mwanayo atangoti zii, iwo anaganiza kuti wadwala malungo aakulu aja amene amalanda mwana mawu, ndipo kuti ife tikubisa chifukwa cha manyazi. Ankaopa kutifunsa kuti angatipweteke mtima. Namwino uja anamuitana dala kuti adzamuone mwanayo mochenjera. Ndipo pemphero lalitali la Chitumbuka limene ndinalimva ndikudulira mpanda lija linali la mwana wa wantchito wawo wa m'maluwa, kuti Mulungu amutsegule pakamwa.

Ndinawafotokozera pang'ono za ku Joni, za kachipinda ka kuseri kwa galaja. Sanandimvere chisoni ayi, anandikalipira. Anati kuno si ku Joni, iwo analera ana asanu m'nyumba ya boma ya zipinda ziwiri ku Area 15, ndipo akanakhala odana ndi phokoso akanalemba ntchito munthu wosakwatira. Anati ndikanangofunsa. Ndinavomera kuti ndikanafunsa, koma kumene ndinachokera munthu sufunsa, umangoonetsetsa kuti asakumve. Anavalanso magalasi n'kunena kuti maluwa amene ndapondawo ndiwadzutse mawa.

Alendo atapita, Takondwa anakana kuchoka pakhondepo. Anamupatsa sikono ndi tiyi wa mkaka, ndipo anakhala pa sitepe, nkhope ngati chitumbuwa, akufotokozera madamu, wantchito wa m'nyumba ndi agalu mmene zinayendera. Yamikani atabwerako kusukulu, Takondwa anayambiranso pachiyambi. Mavu aja ankachulukirachulukira ulendo uliwonse.

Nambewe anafika dzuwa litapendeka. Ndinamutsegulira geti ndine, chikwama chili pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Asanandipatse moni anaima n'kutchera khutu. Kenako mwana anamuona, anaimirira pa sitepe paja n'kukuwa ndi mphamvu zake zonse, bwalo lonse kumva:

“Amayi! Mavu andiluma! Adadinso analira!”

Dzanja langa linanyamuka lokha, ndinalipeza lili pachifuwa, chala chikulunjika kukamwa. Nambewe analiyang'ana. Ndinalitsitsa n'kulilowetsa m'thumba la ovolosi.

Anatula chikwama pansi, anathamanga, anamunyamula mwana, anayang'ana diso, khosi, manja, akumvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto osamudula. Ine ndinatola chikwama chija n'kuwatsata kuseri. Za mwezi kutha sanatchule, inenso ndinaopa kufunsa. Anayatsa mbaula, anatsuka mphika, anatulutsa chigwada chimene anagula panjira, n'kuima nacho m'manja akuyang'ana uku ndi uku. Mtondo wake tinausiya kwa apongozi tsiku losamuka, ndine ndinati ugunda kwambiri.

“Mawa mukaweruka mupite ku Mchesi,” anatero osandiyang'ana. “Mukatenge mtondo wanga, ndi munsi womwe. Ndizisinja pakhonde pano.”